Chitsononkho cha Apongozi

Masiku ano ndikamadutsa ku Eriya 10 alonda a m'mageti amandiyang'ana ngati ndasochera. Sindiwada nazo. Nkhalamba ya jekete yong'ambika m'zigongono ikaima pampanda wa eni ake n'kumasuzumira mtengo wa mkuyu uli mkati, iwo aganize chiyani? Koma mkuyu umenewo ine ndinaudziwa mpanda kulibe, tala kulibe, agalu aukaliwa kulibe. Pamenepo panali mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, patsidya pa Lingadzi, nyumba zaudzu ndi nkhokwe ndi makola a mbuzi. Ndikatseka maso ndimamvabe mitondo ikulira cha kumadzulo, fumbi lofiira litaima m'mwamba osafuna kutsika.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ndinkayendetsa lole kwa mmwenye wina wasitolo kutauni, kumene ana inu mukuti Old Town. Ife tinkangoti kutauni, poti ina kunalibe. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa sitoloyo, ndipo kumudzi kwa mkazi wanga ndinkapitako Loweruka, n'kubwerera Lamulungu. Mkamwini weniweni amayenera kukhala pamudzi, kulima munda wa apongozi, kufolera nkhokwe, kumangira mbuzi khola. Ine khasu ndinkaligwira kamodzikamodzi, mpaka anthu anandipatsa dzina loti mkamwini wa Loweruka, ndipo ankalitchula ine ndikumva.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: andipatse mkazi wanga ndikakhale naye kutauni, chitengwa. Ndinapempha bwinobwino kudzera mwa ankhoswe. Amalume ake a mkaziyo anasamba m'manja, anati nkhaniyi ili kwa mlongo wawo, akavomera iwo alibe mawu. Tsono mlongo wawoyo, apongozi anga, anali mayi wamasiye, ndipo mkazi wanga anali chitsiriza wawo, yekhayo wotsala pakhomo. Sanakane, sanavomere. Ankangoti akufuna akaone kaye ndi maso awo kumene mwana wawo akagone, koma tsiku lopita silinkafika. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, ine ndikupalasabe njinga Loweruka lililonse, mtima ukuwawa.

Apongoziwo sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Mwambo wake unali umenewo. Tikakumana panjira ya kudambo, mmodzi ankapatukira kutchire mpaka wina adutse. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo, ndipo ine ndinkayankha mwana wawoyo, iwo ali pomwepo. Nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali. Chimene ndinkachidziwa bwino ndi msana wawo ndi zidendene zawo zong'aluka.

Kuseri kwa sitolo kunali kagalimoto kapikapu kakale, kobiriwira, kamene bwana wanga anakataya atagula lole yatsopano ku Halale. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wake. Tsiku lina Lachisanu, akuchokera kumzikiti ali wosangalala, anandipeza ndikukasisita boneti, n'kundiuza kuti ngati ndingakadzutse ndikatenge, kakungomutsekera malo. Ndinakadzutsa. Zinanditengera chilimwe chonse, zala zonse mabala okhaokha, koma tsiku lina ndinapukusa handulo, kanatsokomola, kananjenjemera, n'kuyamba kulira. Matelala a pakhonde anasiya makina awo kudzaona. Usiku ndi usana ndinkangoganiza chinthu chimodzi, kuti apongozi sangakane kukwera galimoto ya mkamwini wawo.

Oyilo ndinkasintha ndekha. Kugalaja kunali kwa azungu a kuboma ndi eni minda ya fodya, ife tinkalowa pansi tokha. Ndipo ndikuuzeni, palibe ntchito imene ndinaikonda ngati imeneyo. Umayamba wailiza injini kuti itenthe pang'ono, oyilo asungunuke. Kenaka umayala chiguduli, n'kulowa chagada, sipanala m'manja, beseni pambali pa khutu. Pansi pa galimoto dziko limasanduka lina. Anthu umangowaona mapazi, mawu awo amamveka ngati ali patsidya la mtsinje. Umamasula bawuti ya pansi, pomaliza ndi zala, ndipo oyilo wofunda amakutsikira m'dzanja mpaka m'chigongono, wakuda bii, ali chuchuchu m'beseni. Ukatero palibenso chochita koma kudikira. Ndinkagona pamenepo n'kumaona kachingwe ka oyiloko kakuwonda, kakuwonda, mpaka kuyamba kudontha limodzilimodzi, ndipo m'besenimo munkaoneka kachidutswa ka thambo ndi masamba akugwedezeka. Nthawi zina ndinkawodzera. M'kuwodzerako ndinkaona mkazi wanga akuyanika zovala kuseri kwa sitolo, akukangana ndi akazi a matelala pampope.

Pansi pomwepo, cha kumbali kwa injini, pankalendewera kapaipi kopindika, koyang'ana pansi, kukula kwake ngati chala chachikulu cha kuphazi. Ako n'kopumira injini. Moto ukamaphulika m'kati, mpweya wina umazemba n'kutsikira kumene kumakhala oyilo, ndipo uyenera kupeza potulukira. Injini ikakalamba mpweyawo umachuluka. Yangayo inali yokalamba zedi, choncho kapaipiko kankafuka utsi wotuwa ndi kudontheza oyilo paliponse pamene ndaima. Chotsekera cha pamwamba pothirira oyilo, chimene chimakhala ndi timabowo topumiranso, chinatayika kalekale, ndipo ine ndinasema chamtengo n'kuchikulunga ndi mphira wa chubu, chothina kwabasi. Ndiye kuti mphuno ya injini yanga inatsala imodzi yokha, kapaipi kameneka.

Uthenga unabwera kudzera kwa mkazi wanga kuti amayi ati Lamulungu likubwerali apita akaone. Loweruka masana ndinafika pamudzi ndi galimoto, utsi uli tolotolo m'mbuyo, mudzi wonse ukuthamangira. Ndinaimika pansi pa mkuyu uja. Ndinali nditanyamula chitini cha oyilo watsopano, dala, kuti ndisinthire pamudzi pomwepo. Oyilo wakutha anali chinthu chamtengo wapatali kumudzi. Ankapaka nsichi ndi mafelemu a zitseko kuti chiswe chisadye, ankathira m'mateyala a ngolo, ena ankapaka ng'ombe pamene pali nkhupakupa, ena m'mapazi mwa ana a matekenya. Ndili pansi paja ndinkaona mapazi akubwera, lililonse ndi kachitini kake kapena chipanda chosweka. Ndinagawira onse. Mkamwini wa Loweruka tsiku limenelo anali munthu.

Pakati pa mapaziwo ndinaona zidendene zong'aluka zija zitaima pataliko. Zinakhalitsa. Nditathira oyilo watsopano ndinailiza injini kuti ndione ngati bawuti yagwira, ndipo kapaipi kaja kanayamba zake, utsi fuu, fuu, oyilo dontho, dontho. Ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo chapansipansi ngati chinthucho chikutayika chotero tsiku lililonse. Mkazi wanga anati inde. Iwo anangoti zachisoni, mafuta atsopano.

Kutacha ndinatsikira ku Lingadzi kukasamba. Madzi anali ochepa, ofunda pamwamba, nkhungu ikukwera pang'onopang'ono m'mabango. Ndinasamba mosafulumira, ndinachotsa oyilo wa m'zikhadabo ndi mchenga, ndinavala malaya oyera amene ndinawasita ndekha kutauni. Pobwerera ndinapeza azimayi atazungulira galimoto, akuseka, ena akuwomba m'manja. Apongozi anali atakhala pamphasa moyang'anana ndi galimotoyo, atavala mpango wawo wa kutchalitchi, kadengu kali pambali. Mkazi wanga anandichingamira nkhope ili ngwee, n'kundiuza kuti amayi achiza galimoto yanga.

Ndinawerama. M'kapaipi kaja munali chitsononkho cha chimanga, chosemedwa bwino ndi mpeni, chokhomeredwa mpaka pakati.

Musawaseke. Kumudzi chinthu chikamadontha umachitseka ndi chitsononkho, basi. Botolo la palafini, chipanda cha thobwa, nsupa ya mafuta a nsatsi, zonse chotsekera chake n'chimenecho. Mayi uja anaona mafuta a mkamwini wake akutayikira m'dothi, anadzuka m'mamawa, anasankha chitsononkho chabwino, anagwada pansi pa galimoto ndi mawondo ake okalambawo. Chikwatirire mwana wawo, chimenechi chinali chinthu choyamba kundichitira ine. Ndinazidziwa zimenezo nditawerama pomwepo.

Ndinamukokera mkazi wanga kuseri kwa nkhokwe n'kumufotokozera kuti chinthucho chiyenera kuchoka, injini ikalephera kupuma idzalavula oyilo yense kwina n'kupsa. Anandiyankha motsitsa mawu.

"Mukachichotsa iwo akuona, pamaso pa azimayi onsewa, sakwera. Ndipo sadzakweranso."

Ndinati nanga akawauze ndiye, mwaulemu, poti pakamwa panga ndi iyeyo. Anakana. Anati iye sangakauze amayi ake kuti ntchito yawo ndi yolakwika tsiku limene akupita kukamuweruzira. Ndinakwiya, ndinamuuza kuti iye ndi amayi ake mitu yawo ndi imodzi, youma ngati chitsa. Anangoti chabwino, pitani mukachichotse nokha. Ndinayang'ana kumphasa kuja, apongozi akukonza mpango wawo, akumwetulira pansi. Ndinapita kukatenga handulo.

Nzeru yanga inali yoti ndikaima powolokera Lingadzi, ngati ndikuyang'ana mateyala, n'kuchizula mwakachetechete. Apongozi anakwera kumbuyo, pamphasa imene tinawayalira, poti sakanakhala mpando umodzi ndi ine. Mkazi wanga anakhala kutsogolo. Titafika pamtsinje ndinaima, ndinatsika, ndinagwada. Dzanja lisanafike n'komwe ndinamva mawu pamwamba panga, akuuza mwana wawo kuti andiuze ndisade nkhawa, achikhomera ndi mwala, sichingagwe. Anali atasuzumira m'mbali mwa galimoto, akundiyang'ana pamsana. Ndinagogoda teyala ndi chibakera ngati munthu wodziwa zimene akuchita, ndinauza mkazi wanga kuti awathokoze, n'kukweranso.

Chodabwitsa n'choti ulendo umenewo ndimaukumbuka ngati wokoma. Inali nyengo imene mitengo ya m'tchire imaphuka masamba ofiira mvula isanabwere, ndipo kumene pano kuli maofesi ndi nyumba za Eriya 11 ndi Eriya 14 kunali tchire lokhalokha, lofiirira mbali zonse, anyenje akulira. Kwa nthawi yoyamba utsi sunkalowa m'mabowo a pansi pa mapazi athu. Mkazi wanga anatulutsa dzanja pawindo, mphepo ikumukankha zala, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi kosatsegula pakamwa. Pakagalasi ndinkaona mpango wa apongozi ukuuluka, iwo atagwira zitsulo ndi manja awiri, akupenya mitengo ikuthawira kumbuyo. Anali asanakwerepo galimoto chibadwire. Tinadutsa amuna a njinga atanyamula nkhuni, apongozi anawapatsa moni mokweza ngati akuwadziwa. Ndinayamba kudzinamiza kuti mwina tifika, mtunda wake si wautali, mwina injini indimvera chisoni lero lokha.

Dontho loyamba linagwera pagalasi la kutsogolo, laling'ono, lofiirira. Kenaka lina. Anali oyilo wanga watsopano, akutulukira m'mphepete mwa boneti. Ndinadziwa kuti kawaya koyezera oyilo kafwamphuka ndipo pabowo pake pakulavula. Fungo la oyilo wopserera pachitsulo chamoto linadzaza m'kati. Muvi woonetsa oyilo, wa kutsogolo kwa chiwongolero, unayamba kutsika, kugwedezeka, kutsikanso. Mkazi wanga anasiya kuimba, anabweza dzanja lake n'kuliika pamwendo.

Apa ndiye pamene madalaivala anzanga, ndikawasimbira, amandinena kuti ndinali chitsiru, ndikanaima. Iwo sanakwatire kumudzi kuja. Ndikanaima n'kutani? N'kulowa pansi, n'kuzula chitsononkho mayi uja akuona, n'kumuonetsa kuti oyilo yense ali pagalasiyu ndi ntchito ya manja ake? Ndinaponda mafuta pang'onopang'ono, ndikulankhula nayo galimoto mumtima ngati mwana wodwala: limba, pang'ono pokha, taona madenga aja. Thukuta linali kamukamu, malaya oyera aja atamatirira kumsana. Tinayamba kuona mitengo ya kuboma, ndipo kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe malata a masitolo ankanyezimira padzuwa.

Injini inayamba kugogoda chapansipansi, ngati mlendo wamanyazi pachitseko. Kenaka mwamphamvu. Tisanayambe kutsetserekera kumlatho inalira kamodzi mawu amene sindidzawaiwala, n'kuti zii. Galimoto inayenda yokha pang'ono n'kuima pambali pa msewu. Kunali chete moti ndinamva belu la tchalitchi kutali ndi chitsulo chikuthetheka pansi pa boneti. Ndinatsika n'kuyesa handulo. Sinatembenuke ngakhale pang'ono, injini inali itagwirana. Sinadzalirenso galimoto imeneyo, nkhuku za bwana zinabwerera pampando wake.

Panalibenso chobisa. Ndinatenga pulayala, ndinalowa pansi ndi malaya anga oyera, ndinagwira chitsononkho chija. Anachikhomeradi mayi uja, ndinachita kudzitsamiritsa ndi phazi. Chitazuka, mpweya wotentha unatuluka kuti phwii, oyilo wotsalira n'kundithira kumaso. Ndinagona pomwepo osafuna kutuluka. Pambali pa teyala panaima zidendene zija, pafupi kwambiri kuposa kale lonse.

Anafunsa mwana wawo ngati chimene chapha galimoto ndi chimenecho. Anafunsanso, mawu atatsika.

"Amuna akowa ankadziwa?"

"Ankadziwa, amayi. Kuyambira kumudzi."

Mapazi aja anaima pamenepo, kenaka anatembenuka n'kupita kumbuyo kwa galimoto. Nditatuluka ndinawapeza atasenza kale kadengu kawo, akuyang'ana kumlatho. Anauza mwana wawo kuti abwera kudzaona nyumba, ndiye tiyeni.

Tinawoloka mlatho wapansi, ine patsogolo, wakuda ngati wotentha makala, iwo pambuyo patali. Masitolo anali otseka, makonde opanda matelala, mbuzi zikunyambita mchere pamasitepe. Ndinatsegula kachipinda kanga n'kuima panja. Ndinakaona tsiku limenelo mmene mlendo angakaonere: bedi lachitsulo, mbaula, mpando umodzi, zenera loyang'ana khoma la nyumba yosungira katundu, fungo la sopo ndi palafini lochokera m'sitolo. Apongozi analowa, anakhalamo pang'ono, anatuluka. Anafunsa mwana wawo kuti madzi akatunga kuti, iye anawalozera mpope umene tinkagawana mabanja ambiri. Anafunsa kuti nanga maungu adzadzala pati. Pabwalo ponse panali simenti ndi migolo.

Amayi ake a bwana wanga, nkhalamba yosatuluka m'nyumba kawirikawiri, anatiwona pazenera n'kutumiza tiyi wamkaka wonunkhira zokometsera zawo. Apongozi anaulandira ndi manja awiri, anakhala pachiunda cha khoma n'kumamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana migolo ija. Ine ndinakhala pataliko pamwala, ndikupukuta nkhope ndi chiguduli chimene chinkangowonjezera kuda. Mumtima ndinali nditatsanzika kale. Galimoto yapita, mkazi abwerera ndi amayi ake, ine Loweruka ndidzakwera njinga. Ndinali ndi chisoni, ndinalinso ndi ukali, koma woti ndimukalipire panalibe.

Atamaliza tiyi anatsuka kapu pampope okha, anaipereka kwa mwana wawo, anamanga mpango bwinobwino. Analankhula akuyang'ana kukhoma, mokweza kuti ndimve.

"Uwauze amuna akowa kuti ndi opusa. Akanandiuza, ine si mwana." Anasenza kadengu. "Iwe tsala. Katundu wako ndituma mlongo wako abweretse."

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Ine ndinadzuka, ndinagwada, ndinawomba m'manja. Kenaka ndinamuuza mkaziyo kuti awauze adikire, ndibwereke njinga ndiwaperekeze, dzuwa lakula ndipo njira sakuidziwa. Apongozi anapukusa mutu iye asanamalize n'komwe kuwauza.

"Njira ndiidziwa. Mafuta awo adontha kuchokera ku Lingadzi, ndingowatsata."

Tinawaperekeza mpaka pamlatho, kupitirira apo anatikaniza. Tinaima pamenepo n'kumawaona akukwera mtunda okhaokha, mutu utaweramira pansi kuyang'ana madontho m'fumbi. Anadutsa pambali pa galimoto yakufa ija osaima. Mkazi wanga anayamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, ndipo anandifunsa kuti kodi madzulo ano amayi awatungira madzi ndani.